Mkati mwa mtsuko wa bambo

Lolemba, 4 Ogasiti
Mtsuko wa bambo wang'aluka. Womaliza umene anasema dzanja lawo lamanja lisanafe. Alamu anathiramo madzi n'kuikamo maluwa, ati chipinda chikongole bambo akamachokera kuchipatala. Madzi mumtsuko wamtengo! Mng'alu kuyambira kukamwa mpaka pamimba. Ndangokukuta mano. Bambo atuluka Loweruka. Kuyankhula kukuvutabe, koma maso ali bwinobwino. Sauona uli chonchi. Ndakana.

Lachiwiri, 5 Ogasiti
Kwa aPhuma, amene anaphunzira ntchito kwa bambo kalekale. Dzinalo anawapatsa ndi bambo omwewo. Pano imvi mbuu, makina awoawo, utuchi mpaka m'nsidze. Mtsukowo anaunyamula ngati khanda, n'kuulozetsa kudzuwa. Kuwala kumachita kudutsa m'mbali mwake. Ati, "Kupyapyala kotereku, achemwali, ndi kwa munthu mmodzi yekha." Kumata sikungabisike. Ndawauza aseme wina wofanana. Anakana. Ndinakhala pabenchi osasuntha mpaka analola.

Lachinayi, 7 Ogasiti
Woyamba wabooka pansi. Wachiwiri khosi lalifupi, ndaukana. APhuma ati ndine mwana wa bambo anga ndithu, liuma lomwe lija. Ndinaima n'kumaonerera. Chipika chikuzungulira, tchizulo chikungochimeta pang'onopang'ono, mizere ya mtengo ikutulukira yokha. Ndinakulira m'phokoso limeneli ndipo ndinkangoti ndi phokoso basi. Ndalira, ndanamizira fumbi.

Lachisanu, 8 Ogasiti
Watheka. Mapasa enieni, ngakhale alamu alephera kusiyanitsa. Wong'alukawo ndaubisa m'kabati, kuseri kwa mabulangete.

Lamlungu, 10 Ogasiti
Dzulo sindinathe kulemba. Bambo atangokhala pansi, maso pashelefu. Ndinawapatsira mtsukowo. Kunja kwake sanakuyang'ane n'komwe. Chala chakumanzere m'khosi mwa mtsuko, kupapasa mkati. Kenako, lilime likulemera: "Phuma uyu. Mkati sasalaza."

Anaseka mpaka kutsokomola. Kuseka koyamba chidwalireni. Ine manyazi, kusowa pobisa nkhope.

Wong'alukawo ndinautulutsa. Anausisita pamng'alu pomwepo, sanakalipe. Agona uli pambali pawo.

M'mawa uno aloza chitseko, aloza njinga yawo ya olumala. Ati mawa kwa Phuma, akamuonetse kusalaza mkati. Adokotala anati azipuma, asamayendeyende. Alamu akuti ndisayerekeze.

Matayala ndapopa kale.