Malo a Kampango Ndinawaulula Ndine

Amayi, kodi kumeneko mwadzukako bwanji? Kuno ku Nkope tilipo, Alhamdulillah. Ndine Patuma wanu, ndikulemba ndili m'kashopu kanga kaja, pakati pa mafoni akufa ndi mawayilesi opanda zivundikiro. Pali nkhani imene ndakhala ndikuizemba kwa milungu itatu, koma mundilole ndiyambe ndi zopepuka.

Mlamu wanga Hawa, mkazi wa achimwene Amidu, anabereka mwana wamkazi m'mwezi wa Ramadani. Makutu ndi anu enieni, ndipo akalira amamveka mpaka kumsika. Chimanga sichinachite bwino, mvula inadula chikumasula. Nyanja yakwera mpaka kufika pa thandala lanu loyanikira usipa, moti tinalizula n'kukalimanga kumtunda. Mbuzi yanu yakuda ikadali yakuba, dzulo lomweli yadya tomato wa eni ake.

Mukukumbukira zimene munkanena mukandiona ndikutola mawayilesi otayidwa? Munkati mwana wamkazi wonunkha waya wopserera adzamukwatira ndani. Mpaka pano sanapezeke, Amayi, pamenepo mwawina. Koma mawayawo andifikitsa penapake.

Chaka chatha mphepo yamkuntho inagwetsa mapolo, mafoni anangoti zii masiku angapo. Ndiponso mukudziwa kuti boti likangolowa pakati pa nyanja netiweki imatha. Ndinayamba kuganiza kuti tsiku lina munthu adzamira foni ili m'thumba. Ndiye ndinakwera minibasi kupita ku Monkey Bay kwa a Chikopa, bambo wopuma ntchito amene kale ankayendetsa wayilesi ya mauthenga pa sitima. Anandijambulira kuseri kwa kalendala mmene ndingapangire kawayilesi kotumiza mawu. Ndinachotsa zipangizo m'mawayilesi akufa, waya wa kopa ndinasomola mu mota yopsa ya pampu, zonse n'kuwotcherera m'chitini cha mabisiketi. Nditayesa, mawu anga anafika pamzikiti basi. A Chikopa anaseka mpaka kutsokomola, akuti bola ndikanangokuwa.

Anandilangiza kuti wayilesi ya kumtunda ndipitirize kuikonza, koma za m'maboti ndifunefune zopangidwa kale. Mayi wina wa geni amene amadutsa pa chipata cha Chiponde anandibweretsera mawayilesi a m'manja asanu ndi limodzi, akaunjika. Awiri anali akufa, ndinawadzutsa. A Chikopa sanalole kuti ndiyatse chilichonse ndisanatenge chilolezo ku boma, ndipo mapepala amenewo anandiyendetsa kuposa mawaya. Pano kuseri kwa shopu kuli mlongoti wa nsungwi womangirira ku mtengo wa mango, batire ya njinga yamoto ndi kasola. Mawu amafika mpaka pakati pa nyanja.

Pogawira asodzi mawayilesiwo ndinawauza kuti iyi si foni, mmodzi akalankhula onse amamva. Anayang'anana. Msodzi angakuuzeni za matenda ake ngakhale za mkangano wa m'banja mwake, koma osati pamene watchera ukonde. Mawayilesi ankawanyamula ndithu, atawakulunga m'majumbo, koma ankangotukanirana za mpira.

Tsopano ndafika pa nkhani ija. Mukudziwa malo akuya aja agogo anasiyira banja lathu, pamene pamagona kampango. Amidu amapitako mozungulira, ndipo chizindikiro cha matchera ake amachimiza pansi pa madzi kuti wina asachione. Ine munandiuza zizindikiro zake ndikukulukani tsitsi muli chigonere. Munati: "Izi si za alamu, si za mnansi. Zimathera m'nyumba muno." Ndinavomera.

Lachiwiri lina m'mawa, dzuwa litakwera kale, mwera unadzuka mwadzidzidzi. Ndinali kusintha galasi la foni pamene wayilesi inayamba kukhosomola. Anali Amidu. Anati injini yazima, thabwa lina latseguka, ndipo anzake awiri akukapa madzi koma madziwo akuwaposa. Ndinamufunsa kuti ali pati. Anayankha kuti:

"Ukudziwa iwe. Tumiza munthu kuchokera kumtunda, koma usanene pano."

Ndinathamangira kudooko wayilesi ya m'manja ili kukhutu. Maboti a injini onse anali panyanja, panatsala mabwato okha, ndipo ndi mafunde amenewo palibe akanafika. Apo m'pamene a Jafali analowa pa wayilesi. Mukuwadziwa, omwe aja akhala zaka zambiri akulondalonda Amidu kuti aone kumene amatchera. Anati iwo ali pamadzi, mafuta ali nawo, ndingowauza kolowera.

Amidu anabwereranso n'kundiletsa, akuti injini ilira posachedwa. Koma kumbuyo kwa mawu ake ndinamva mmodzi wa anzake akutchula dzina la Mulungu mobwerezabwereza, monga amachitira munthu amene wasiya kuyembekeza. Ndinadina batani n'kunena kuti mlambe wa nthambi ziwiri ulunjike ndi nsanja ya mzikiti, ndipo phiri laling'ono libisale kuseri kwa lalikulu. Ndinanena kawiri, pang'onopang'ono, ndikudziwa kuti mawayilesi onse asanu ndi limodzi ali tcheru.

A Jafali anafika nawo kumtunda itangotha swala ya masana kumzikiti, boti likukokedwa ndi chingwe, madzi ali m'mawondo. Onse atatu amoyo.

Sabata isanathe pamalopo panali maboti asanu. Kampango wa Amidu wachepa, ndipo ogula amene ankamudikira yekha pano amasankha. Chimene chimandiluma kwambiri ndi ichi: atatsegula injini kumtunda anapeza kachitsotso m'paipi ya mafuta, anakauzira, injini n'kulira nthawi yomweyo. Anabwera pashopu, anaima pakhomo osalowa, n'kunena kuti:

"Ukanadikira pang'ono, chemwali. Zinthu za agogo wazimwaza pamphepo."

Mwina akunena zoona. Mwina akanakapeza kachitsotsoko boti likuvina pamafunde. Ine sindikudziwa, iyenso sakudziwa, ndipo palibe amene angatiweruze. Kuyambira tsikulo sanadyeko kwanga. Wayilesi yake amatuma Hawa kuti adzatchajitse, ngakhale ndaona kuti sadumphitsa tsiku.

Ndinafunsa a Chikopa ngati ndingakonze njira yachinsinsi, ya ine ndi Amidu awiri. Anati n'zotheka, koma ndiganize kaye kuti tsiku lijali akanamva ndani. Ndaganiza, ndipo sindiikonza. Pangozi amene amakupulumutsa ndi amene ali pafupi, ndipo amene ali pafupi nthawi zambiri ndi yemwe umamubisira.

Sindikudziwa ngati mwandikwiyira. Ndinakulonjezani ndipo ndaphwanya, zimenezo sindikana, ndipo zimandipweteka. Munali munthu wosunga mawu, moti nthawi zina ndimaona nkhope yanu mutakweza nsidze imodzi. Ngati n'kundikalipira, mudzandikalipire tikadzakumana, ndidzakhala pansi n'kumvetsera mpaka mumalize.

Mwezi wamawa tikuphika sadaka yanu. Nsomba zidzakhala zochepa kuposa mmene mukanafunira, mpunga tidzachita kupempha kwa azakhali. Koma dzina lotchulidwa pa pemphero la duwa lidzakhala limodzi lokha, lanu, ndipo wothirira alendo madzi m'manja adzakhala Amidu, kaya akundilankhula kaya ayi.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakusowani. Lonjezo limene ndingathe kusunga ndi ili: wayilesi ija sindidzaizimitsa mwana wanu ali pamadzi.

Ine mwana wanu,
Patuma