Mphika Wakuda wa Ba Keziah

Libala, Lusaka
28 Okutobala 1974

Okondedwa Asisi Bernadette,

Ndikhulupirira muli bwino ku Katete ndipo maphunziro a unamwino sakukuwondetsani. Kuno kukutentha, mvula ikungotinamiza ndi mitambo.

M'nyumba yoyandikana nafe munalowa mphunzitsi wamkazi, Ba Keziah, wochokera ku Guyana, kutsidya la nyanja yaikulu. Ndi wakuda ngati ife, koma akuti makolo ake anatengedwa ukapolo ndipo sadziwa mudzi wawo. Chichokereni inu ndinalibe wocheza naye, tsono madzulo ndinkapita kukawerenga pakhonde pawo. Iwo samandifunsa chifukwa chake ndili chete.

Sabata yatha anzawo a ku Trinidad, Jamaica ndi Mauritius anakonza chikondwerero cha zakudya ndi nyimbo zakwawo ku Woodlands. Pokonzekera, Ba Keziah anapala chinangwa chowawa, nachifinya m'nsalu, n'kusunga madzi ake m'poto. Amayi anaona zonse pa mpanda. Mukuwadziwa Amayi ndi chinangwa: kwawo ku Luapula amachiviika mumtsinje kuti madzi akuphawo achoke. Anandikokera m'nyumba.

"Iwe Gilson, madzi aja ngakhale mbuzi sitipatsa. Usakapondenso pakhonde paja, wamvela?"

Pofika Lachisanu amayi onse a kutchalitchi anali atamva. Ine ndinkangosuzumira pawindo. Madzi aja anawira tsiku lonse mpaka anada bii ngati phula, kenako Ba Keziah anathiramo nyama ndi tsabola. Ndinkadzifunsa: munthu wophunzitsa ana angaphike imfa akuimba?

Loweruka tinapita, chifukwa Amayi sakanalola kuti angomva kwa ena. Asisi, migolo ya mafuta imaimba! Anyamata a ku Trinidad anaidula, naisula ndi nyundo, ndipo poimenya ndi timitengo inkalira ngati mabelu. Atate anaizungulira kawiri, akuti yotereyi ku mafakitale a ku Heavy Industrial amangoitaya. Panali mpunga wa nyemba, nsomba ya tsabola, ngakhale therere. Matebulo onse anali ndi mizere ya anthu, kupatula la Ba Keziah, pakuti mbiri inali itafika kale. Anaima okha, atavala duku lachikasu, akupukuta mbale zopukutapukuta kale.

Sindidziwa miyendo yanga inaganiza liti. Ndinangopezeka ndili pa tebulo la Ba Keziah, ndatambasula manja. Iwo anati, "Gilson, moto umachotsa ululu wonse. Koma ngati amayi ako akana, usadye." Ndinadya. Inali yotsekemera pang'ono, yowawira kumapeto, nyama yofewa yosafuna mano.

"Mayo! Mwana wanga!"

Amayi anadutsa pakati pa ovina, chitenje chikukwekwereka. Ndinayembekeza khofi. Koma anandiyang'ana m'kamwa, naona kuti ndameza kale, ndipo anandilanda supuni.

"Ngati ni kufa, sufa weka."

Anadya masupuni odzaza, maso ali pa Ba Keziah. Kenako anakhala pansi pa udzu, nandikhazika pambali pawo atandigwira dzanja zolimba, tikudikira. Migolo inkalira, Atate akutuluka thukuta. Nyimbo inatha, ina n'kutha. Pomaliza Amayi ananyambita milomo nati, "Mchele wachepa." Amayi a kutchalitchi aja anayamba kuyandikira ndi mbale zawo.

Asisi, inu amene mukuphunzira za thupi, ululuwo umapita kuti ukawira? Ndipo kalekalelo, ndani anayamba kulawa madzi otere? Mundiyankhe, ndafunsa kusukulu koma palibe akudziwa.

Atate akupereka moni. Amayi nawonso, ngakhale sindingawafunse mawu oti ndilembe, chifukwa panopa ali kuseri kwa mpanda, akukangana ndi Ba Keziah za kaphikidwe ka masamba a chinangwa, wina Chibemba wina Chingerezi. Andiitana kawiri kuti ndikawamasulire. Dzanja limene Amayi anandigwira lija likupwetekabe, ndiye mukhululuke zilembo zokhotazi.

Ndine mlongo wanu wokusowani,
Gilson