Kakadzidzi ka Mumsangu wa Pakhomo Pathu

Achimwene anga,

Ndikupatsani moni ndi manja awiri. Kaya inu muli bwanji ku Halaleko? Amayi kwa Maseya ndamva kuti ali bwino, koma kuno mwana wanga Zuze watentha thupi, akukana bere.

Mzungu wa munda wa thonje uja, bwana wa bambo a Zuze, wayamba kujambula akadzidzi ang'onoang'ono. Anatuma bambo a Zuze kuti amufunire, ndipo iwo, poopa kubwerera chimanjamanja, anamulozera kakadzidzi kamene kamakhala mumphako ya msangu wa pakhomo pathu. Tsopano masana aliwonse amabwera ndi bokosi la miyendo itatu, n'kudzifunda nsalu yakuda kumutu, kudikira kuti kasuzumire. Akuti kamagwedeza mutu, chithunzi n'kuwonongeka, ndiye sakumaliza.

Dzulo kanalira dzuwa lili pamutu, mwana ali kumsana kwanga. Ndinasolola chikuni chamoto kuti ndikaponyere monga timachitira, koma bambo ake anandigwira dzanja.

"Amake Zuze, malo ano ndi a mzungu. Kameneka kakathawa, ifenso tithawa nako."

"Nanga mwanayu akatisiya, mzungu wanuyo adzamujambulanso?" ndinawafunsa.

Anzanga aleka kudzapala moto kwathu, akuti tikuweta mbalame ya maliro. Kuchoka pabanja ndekha sindingathe popanda mawu anu, pakuti mwini mbumba ndinu.

Chonde achimwene, tumizani mawu msanga kuti amayi adzatitenge, ine ndi mwanayu. Bokosi lija lafikanso, ndiye ndikulembera kuseri kwa nkhokwe. Mulungu akusungeni, ndipo mupempherere Zuze.

Ndine mlongo wanu,
Nesi