Ndime 61

Lachiwiri, 6 Febuluwale

Torkil wabwera masana, nsapato zili chonyowa mpaka pa kapeti. Chibwerereni ku Denmark ndiye wapampando wa bungwe lathu la gule, ndipo satopa kutikumbutsa. Akuti Lolemba, pa gule wotsekera Lenti isanayambe, amuna anga a Hanus asayambitse nyimbo. Kukubwera alendo ochokera ku likulu, ku Tórshavn, ndi anthu a wailesi. "Tisachite manyazi, Malan."

Manyazi! A Hanus akhala akuyambitsa nyimbo ya Ngalawa Yofiira pa tsiku limeneli kuyambira 1983. Ndime 94, zonse pamtima, momwe anawaphunzitsira mayi awo. Torkil akufuna aikepo kanyimbo kake kakafupi ka Chidanishi, chiyankhulo cha ku Denmark. Pachilumba chathu chino, tsiku lotsekera, Chidanishi!

Ndinamupatsa khofi. Pakamwa pangapa pamauma nthawi yolakwika.

Lachitatu, 7 Febuluwale

Chimphepo. Boti silinabwere. Mtima sunatsike.

Lachinayi, 8 Febuluwale

Kuiwala a Hanus akuiwaladi, sindikana. Dzulo magalasi awo ndinawapeza mufiriji. Galu akumuitana dzina la galu amene tinakwirira kalekale. Adokotala anatiuza mu Novembala kuti sizidzabwerera mwakale. Koma nyimbo si magalasi.

Ndawayesa kukhitchini, ine ndikuluka, iwo akuimba nkumaponda gule, kawiri kumanzere, kamodzi kumanja. Mpaka ndime 60 myaa. Pa 61, pomwe mkazi wa m'nyimbomo amaona ngalawa ikubwera yopanda munthu, anaima. Anandiyang'ana ngati ndawabisira. Ndinawatchulira mawu oyamba, anathamanga nayo mpaka kumapeto.

Lenti ikayamba, gule amatsekedwa mpaka Khirisimasi. Khirisimasiyo idzawapeza ndi ndime zingati? Mwayi wawo ndi Lolemba lomweli basi.

Lachisanu, 9 Febuluwale

Sunnvá waimba foni. Mwana wanga weniweni. "Amayi, mwina Torkil akunena zoona. Ababa akakaima pakati pa anthu, adzamve kuwawa ndi iwo, osati inu."

Ndinadula. Wakhala mumzinda mpaka wayamba kuyankhula ngati kalata ya kuchipatala.

Koma ndakhala ndikuziganiza tsiku lonse, ndiye zikundikwiyitsa kwambirizo.

Loweruka, 10 Febuluwale

Ndamupeza Torkil kukhola la nkhosa zake. Lero pakamwa panatseguka. Ndinati, iwe, amene anakugwira dzanja tsiku loyamba kulowa m'bwalo la gule ndani, si a Hanus? Anayang'ana udzu. Kenako: "Chabwino, ayambitse. Koma akangoima ndiilanda, ndili nayo ya m'buku."

Ya m'bukuyo analemba kuchilumba china. Ngalawa yake ndi yakuda, ndipo mkazi amafa pamapeto. Yathuyi mkazi safa ayi.

Nditawauza a Hanus anaseka. "Torkil uti? Uja amavina ngati nkhosa yoterereka pa ayezi?" Zimenezo ndiye saiwala.

Lamulungu, 11 Febuluwale

Ndapukuta mabatani a siliva a chovala chawo. Tayesanso kawiri. Koyamba anadutsa, kachiwiri anaima pomwe paja.

Lachiwiri, 13 Febuluwale

Dzulo sindinalembe.

Holo inadzaza. Tinagwirana manja, ine kumanja kwa a Hanus monga mwa zaka zonse, Torkil nkudzilowetsa kumanzere ngati khwangwala wodikira nsomba. A Hanus anayambitsa ndi mawu aja ogwedeza mawindo, tonse tikuvomera. Ngakhale wa wailesi anasiya kutafuna.

60 inatha. Tinavomera. A Hanus zii.

Mapazi sanaime, gule wathu saima. Anthu anabwereza kovomera kaja kachiwiri, kachitatu, pansi pakugunda. Dzanja la a Hanus linali thukuta lokhalokha. Ndinawanong'oneza mawu, koma phokoso la mapazi linawameza. Ndinaona Torkil akukoka mpweya, pakamwa atatsegula kale, ngalawa yakuda ili pamlomo.

Sindikudziwa chinandigwira. Ine amene kutchalitchi amati ndimangoyendetsa milomo, ndinaiyambitsa 61 mokweza. Mawu anatuluka opyapyala ngati a mwanawankhosa, koma anatuluka. Ndinaimba ndime yonse ndekha. Anthu anavomera. Pa 62 a Hanus anandilanda, ndipo sanaimenso mpaka 94. Mkazi uja sanafe.

Pakhofi Torkil anabwera, akuti zinali zokongola, ngati kuti anakonza ndi iye. Ndinamupatsa msana. Sindinathane naye.

Mmawa uno Lenti ili pakhomo, mudzi uli chete. A Hanus anakhala nthawi yaitali pawindo, buledi osamukhudza. Ndimaganiza kuti za dzulo zafufutika kale. Kenako anati, "Dzulo panali mkazi wina anandilanda nyimbo."

Ndinati, "Ndamva. Wamwano ameneyo."

"Anafulumira pang'ono. Koma mawu anali a amayi anga, sanaphonye ngakhale limodzi."

Anakankha mpando, anaimirira pakati pa khitchini ndi masokosi okha, nkunditambasulira dzanja. Ndinati gule watsekedwa, bambo, mpaka Khirisimasi.

"Kukhitchini kuno abusa sakuona. Yambira ndime yoyamba, Malan. Ine ndizivomera."

Ndinaika kapu pansi.