Matayala a Alamu Anu

Germiston, ku Joni
Novembala 2024

Okondedwa achemwali anga a Amelia,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi amayi akupeza bwanji ndi BP yawo ija? Mankhwala akumwabe, kapena ayambiranso kunena kuti akuwatopetsa? Ndamva kuti kwa Nthache mvula yoyamba yagwa, ndiye ndikudziwa kuti muli kalikiliki kumunda. Ife kuno tikudzuka, Tiffany akukula ndipo kusukulu akuchita bwino. Ine thupi lilipo, koma mtima ndiye ayi.

Musadabwe kuti ndalemba pamanja m'malo moimba. Foni yanu imayenda m'manja mwa ana, ndipo nkhani iyi si yoti imveke pakhonde. Ndapatsira a Masauko, aja amanyamula katundu wa anthu kupita naye kumudzi, ndipo ndawauza kuti akupatseni inu nokha.

Pikapu yathu yoyera ija, imene tinkabwera nayo pa Khirisimasi kudzera ku Tete, kulibenso. Alamu anu a Aubrey anaisinthanitsa ndi kagalimoto kofiira ka mipando iwiri, kachifupi ngati kakukwawa pansi. Kanali kochita ngozi, katangokhala kugalaja komwe amagwira ntchito yowongola magalimoto. Ankatsalira akaweruka n'kumakakonza, ine ndikuyesa ndi ka kasitomala. Tsiku lina anangofika nako pakhomo akumwetulira, pikapu palibe. Nditawafunsa kuti banja la anthu atatu likhala bwanji pa mipando iwiri, anandiyankha kuti galimoto imeneyi si yoyendera, ndi yothamangitsa.

Ndikufotokozereni bwino, chifukwa nanenso sindinkadziwa kuti padziko pali zotere. Kunja kwa tauni kuli malo otchingidwa ndi mpanda, m'kati mwake muli msewu wa tala wokhotakhota umene umathera pomwe wayambira. Masiku ena a Loweruka anthu amalipira kuti akathamangitse magalimoto awo m'menemo. Si mpikisano, palibe mphoto, palibe komwe akupita. Amangozungulira mpaka mafuta atha, n'kubwerera kunyumba atatopa ngati alima ndime. Amene anawalowetsa zimenezi ndi mnzawo wa ku Bangwe, dzina lake Malcolm, munthu wosakwatira, wopanda womufunsa komwe waswera.

Atangopitako kamodzi, m'nyumba muno simunamvekenso nkhani ina koma ya matayala. Pakudya matayala, podzuka matayala. Ngakhale tikuchokera ku tchalitchi ankaima pa galimoto za eni ake n'kumawerama kuwerenga zolembedwa m'mbali mwa tayala, ine ndi mwana titaima pamsewu ngati osochera.

Kumaloko kuli mayi wina wachikulire amene amaphunzitsa ongoyamba kumene, amakhala nawo pambali m'galimoto. Mayiyo anawauza momveka kuti wophunzira ayambe ndi matayala abwino a pamsewu, atsopano, a mizere yakuya, onse anayi a mtundu umodzi. Akuti amenewo amalira akatsala pang'ono kuterereka, ndiye munthu amamva n'kuchepetsa liwiro, ndipo ndi mmene amaphunzirira. Koma a mpikisano, osalala aja, amagwira msewu pokhapokha atatentha, sagwirizana ndi madzi, ndipo akafuna kukutaya sachenjeza. Zonsezi anandiuza okha alamu anu akuseka. Amati mayiyo akuwayesa mwana wa sukulu ya mkaka, pomwe iwo ayendetsapo galimoto kuchokera kuno mpaka ku Mwanza kangapo konse.

Malcolm ndiye anakolezera. Anati matayala a mizere ndi opitira ku msika, mwamuna weniweni amaika osalala. Anawapezera okha kwa munthu wina wa mipikisano amene anali atathana nawo. Achemwali, ndinawaona ndi maso angawa. Anali osalala ngati dazi, labala wake atapsa m'mbali. Kwathu tayala likafika pamenepo timapatsa odula nkhwayira. Koma alamu anu anawanyamula limodzilimodzi mosamala, n'kukawasanjika kuchipinda kwathu chogona, akuti panja abedwa ndipo dzuwa liwaononga. Basiketi ya zovala zanga ndi imene inatuluka kuti iwo alowe.

Pano ndikuuzeni chimene ndinkafuna kudzakuuzani pamaso. Ndili ndi pakati, uno ndi mwezi wachinayi. Mukudziwa mmene ndinavutikira ndi nseru nthawi ya Tiffany, ndiye ganizirani kugona ndi kudzuka m'fungo la labala wopsa. Fungolo linalowa m'mabulangete, m'tsitsi, ngakhale tiyi ndinkamumva labala. Tsiku limene ndinawauza za pakatipa anali pa foni akuyang'ana zithunzi za matayala. Anadzutsa mutu nati, "Zoona? Ambuye alemekezeke." Kenako ananditembenuzira foniyo. "Taonani awa, mayi a Tiffany. Akuti mpweya wake uzikhala wochepako pang'ono."

Ndinatuluka kukasanza. Nditabwerera anandifunsa ngati ndadya chinachake choipa kuntchito.

Loweruka lapitalo anatichonderera kuti tikawaonerere. Ndinakana, koma Tiffany analira kuti akufuna kukaona bambo ake akuthamanga. Iwo anatsogola ndi Malcolm pa mipando iwiri ija, ife tinakwera minibasi ziwiri, n'kumalizira wapansi. Tinafika kumwamba kutachita mdima, ndipo sipanapite nthawi mvula yowaza inayamba. Ndinaona anthu ena akubweza magalimoto awo pansi pa denga. Ndinaonanso mayi wophunzitsa uja akuloza matayala a alamu anu, akuloza kumwamba, akupukusa mutu. Chizungu chawo sindinachimve chonse, koma ndinamva kuti akuwauza adikire msewu uume, ndipo kuti iye sakwera nawo. Alamu anu anayang'ana komwe tinaima ife, anatikwezera dzanja, navala chisoti chawo. Ndimati mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere imufotere m'manja, koma mwambiwo amanenera mwana, osati bambo wa imvi m'ndevu.

Sanazungulire nthawi yaitali. Pokhota pena pafupi ndi pomwe tinaima, kagalimoto kaja kanangotembenuka kokha, popanda ngakhale kulira kwa tayala. Kanazungulira ngati nguli, kanadutsa pa miyala, n'kukadziwomba pa khoma la matayala akale amene amaika m'mbali. Kuphulika kwake ndinakumva m'mimba. Tiffany anakuwa mawu amene sindinamumvepo chibadwire, anandikumbatira miyendo mpaka ndinatsala pang'ono kugwa. Ndinaima pamenepo ndikuona utsi, ndikudziuza kuti basi, ndakhala wamasiye kudziko la eni, mwana wina m'manja wina m'mimba.

Chitseko chinatseguka, munthu anatuluka akuyenda yekha. Mulungu ndi wabwino, anangobinya dzanja lamanzere. Koma mukudziwa chimene anayamba kuchita? Sanayang'ane kumpanda komwe mwana wawo amakuwa. Anagwada m'matope n'kuyamba kusisita tayala lakumbuyo, kufuna kumva ngati linali litatentha. Ogwira ntchito pamalopo atabwera nawo kwa ife, mawu awo oyamba anali akuti, "Anali asanatenthe. Ndikanangozungulira kamodzi pang'onopang'ono, bwenzi zili bwino." Ndinangotembenuka. Ndinanyamula mwana, tinayenda mumvula mpaka pokwerera minibasi.

M'mawa mwake ndinadzuka m'mimba mukupotokola, ndipo ndinaona timagazi. Alamu anu anali atalawira kukakoka galimoto yawo, foni sankayankha. Pakhomo panalibe choyendera. Anandithandiza ndi a Deliwe, mayi wa ku Neno amene timakhala naye mpanda umodzi, iwo ndi amene anapempha galimoto ya abwana awo n'kundithamangitsira ku chipatala. Musade nkhawa, anandiunika ndipo mwana ali bwino, mtima wake ndinaumva ukugunda. Anangondiuza kuti ndipume, ndisanyamule zolemera, ndipo ndipewe zondidzidzimutsa. Namwino atandifunsa komwe kuli bambo wa mwana, ndinangoti ali kuntchito. Manyazi amenewo ndimawamvabe mpaka lero.

Nditabwerako ndinapeza kagalimoto kaja kali pabwalo, kutsogolo kutaphwanyika, atakakhazika pa njerwa. Alamu anu anali pakhonde ndi Malcolm, dzanja lili m'bandeji. Atamva komwe ndikuchokera anadzidzimuka ndithu, anapepesa, anandigwira paphewa, ndipo maso awo anafiira. Ndinayamba kuganiza kuti mwina khoma lija lawadzutsa. Anandikhazika pampando nati aphunzirapo kanthu, mayi uja ankanena zoona, iwo ndi amene analakwa. Mtima wanga unayamba kutsika. Kenako anatulutsa foni. Anati tsopano agula a mizere aja, atsopano, onse anayi ofanana monga anauzidwira, koma atsala ndi mitundu iwiri ndipo akulephera kusankha. Amafuna ndiwathandize.

Achemwali, sindinakuwe, sindinatukwane. Ndinangowayang'ana, ndipo ndinamva kunyansidwa kumene sikuchokera ku pakati. Munthu wamva phunziro lonse la matayala bwinobwino, koma la mkazi wake ndi mwana wake silinalowe n'komwe. Amayi athu anayenda wapansi kuchokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo, inu atakuberekani kumbuyo, kuthawitsa moyo. Lero mkamwini wawo akulipira kuti akausewere moyo womwewo pa msewu wosapita kulikonse.

Ndaganiza zobwera kumudzi sukulu zikangotsekera mu Disembala. Tikwera basi ine ndi Tiffany, ndipo ndikhala konko mpaka ndidzachire. Tiffany adzayamba wapitako sukulu ya pafupi ndi kwanuko. Sindinanene kuti ukwati watha, musandimve molakwa. A Aubrey samwa, sanandimenyepo, ndipo pakhomo sipanasowepo chakudya. Koma sindingadikire mwana ndikumvetsera foni Loweruka lililonse kuti andiuza zotani.

Pempho langa ndi limodzi. Mupite kwa amalume a Gervasio, poti ndiwo ankhoswe athu, mukawawerengere kalatayi yonse osadumpha. Ndikufuna amve kwa ine kaye asanamve kwa ena kuti ndathawa banja chifukwa cha galimoto. Akakhale pansi ndi ankhoswe a kuchimuna kwa Kanduku, ndipo awaitane alamu anu abwere adzayankhe okha. Amayi musawauze za ngoziyi kapena za chipatala, ndi BP ija ayi. Muwauze kuti ndikubwera kudzadya nawo Khirisimasi, zina ndidzanena ndekha.

Alamu anu ndawauza za ulendowu dzulo. Anati ndikukulitsa nkhani yaing'ono. Tiffany anali pomwepo akupanga homuweki. Chichitikire ngozi ija mwanayu sakufuna kudutsa pafupi ndi galimotoyo, amazungulira kuseri kwa nyumba. Anaika pensulo pansi n'kundifunsa ngati kwa agogo kuli msewu wothamangitsira magalimoto. Nditamuuza kuti kulibe, anati, "Ndiye adadi abwere nafe, akakhale konko." Bambo ake anadzuka n'kutuluka panja.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mafuta opaka miyendo aja ndibwera nawo. Moni kwa alamu a Timoti, kwa achimwene a Albino ndi akazi awo, ndiponso kwa ana onse, makamaka Rozina amene ndamva kuti wakhoza mayeso. Mukakumana ndi apongozi anga ku Boma muwalonjere ndi ulemu wonse, iwo alibe mlandu. Tsiku la basi ndidzakuuzani pa foni kuti mudzatichingamire pa boda.

Mundikumbukire m'mapemphero, ine ndi amene ndamunyamulayu.

Ndine mng'ono wanu wokusowani,
Orlanda