Wotchi ya Bambo Ndinaisiya pa Tayala

Monza, 1971

Wokondedwa mlongo wanga Maryse,

Ndikhulupirira nonse muli bwino ku Le Locle, ndiponso kuti chifuwa cha bambo chachepa. Ine ndili bwino. Lamlungu ndinamaliza wachitatu pa mpikisano wa magalimoto, koma usayambe kuvina.

Ukudziwa kuti kampani ya mawotchi imene imalipirira galimoto yanga imafuna ndizivala wotchi yawo pansanja ya opambana. Nditangovula chisoti, bwana wawo, a Perrin, anandigwira mkono n'kuona wotchi ija anandipangira bambo ndi manja awo.

“Kachitsulo aka unakatola kuti, mnyamata iwe?” anatero. “Vula msanga, ojambula akudikira!”

Maryse, ndinaseka nawo. Ndinati ndinakagula pamsika. Ndinaivula, kuisiya pamwamba pa tayala, kuvala yagolide yawoyo, n'kukakweza mkono pansanja kuti iwale bwino. Pobwerera, lole yonyamula matayala inali itapita kale.

Bambo akafunsa ngati ikusungabe nthawi, uwauze kuti sinachedwepo. Zinazo ndidzanena ndekha ndikadzapeza poyambira.

Koma chonde, nyuzipepala ya Lolemba ikafika uibise. Ukuwadziwa bambo: pa chithunzi sayamba ndi nkhope, amayamba ndi pamkono.

Ndine mlongo wako,
Thibaud