Lachisanu la Che Asani

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tadzuka, mayi miyendo yawo yayamba kupepuka, koma ine ndakwiya kwambiri.

Kuchigayo kwathu ku Songani anatibweretsera pulogalamu ya pakompyuta. Imalosera maola amene aliyense ayenera kugwira, n'kufanizira ndi amene wadindira chala. Paja Lachisanu masana Che Asani amapita kumzikiti, anzawo a pantchito a Mpinganjira n'kuwagwirira, Lamulungu iwo akapita kutchalitchi n'kubwezerana. Zaka zonsezi mpunga wa munthu sunagonepo osapunthidwa.

Tsopano pulogalamuyo ikuti Che Asani amathawa ntchito, ndipo abwana a ku Blantyre andilamula ine monga kapitawo kusaina kalata yowachotsa. Ndinawaimbira foni, n'kuwawerengera kusinthana konse kuchokera m'kope langa. Anangoseka, amvekere, "Akulu, kompyuta siipita kumzikiti. Ingosainani."

Achimwene, tangoganizani. Munthu sanachedwepo ngakhale tsiku limodzi, lero achoke ngati wakuba?

Sindinasaine. Lolemba ndikwera minibasi kukawaonetsa abwanawo kopelo tsamba ndi tsamba. Mundipempherere, koma mayi musawauze. Mukamva za ntchito kumeneko mundikumbuke, chifukwa mwina kalata yotsatira yochotsa ntchito idzakhala yanga.

Ambuye akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Yohane